Kulera ana mwachilengedwe: zinachokera kuti, nanga kholo lisankhe bwanji?

Pali makolo, ndipo akuchuluka ndithu m'maiko ambiri, omwe amati ife ana athu tiwalera mwachilengedwe. Mukawafunsa kuti mukutanthauza chani mayankho amasiyanasiyana, koma zambiri zimazungulira pomwepa: kubereka popanda mankhwala ambirimbiri ngati zingatheke, kuyamwitsa nthawi yaitali, kumunyamula mwana pathupi m'malo momangomusiya mu kangolo, kugona naye pafupi, matewera ochapa, kusamumenya, kuchepetsa za mafoni ndi TV, ena mpaka amafika posawatumiza ana kusukulu nkumawaphunzitsa okha pakhomo. Nde pamwamba pa zonsezi pali mfundo imodzi yomwe amaikonda kwambiri, yoti kholo lizisankha lokha litaganiza bwino, osati kumangotsata zomwe aliyense akuchita kapena zomwe otsatsa malonda akunena.

Ine mfundo imeneyoyo ndimagwirizana nayo ndi mtima wonse. Chomwe chimandidetsa nkhawa nchakuti zinthu zonsezi anthu amazimanga mtolo umodzi ngati nkhuni, ukasenza uyenera kusenza zonse, chonsecho mkati mwa mtolomo muli zina zomwe zili ndi umboni wamphamvu kuti zimapulumutsa ana, zina zongodalira kukonda kwa banja, komanso zina zoti zikhoza kupha mwana. Kholo loganiza liyenera kumasula mtolowo nkuona chimodzichimodzi.

Poyamba tione kaye komwe zinachokera, chifukwa sizinangobuka. Kumayambiriro mpaka pakati pa zaka za m'ma 1900, ku Ulaya ndi ku America kubereka kunasamukira m'zipatala, zomwe zinapulumutsa miyoyo yambiri, koma zinabwera ndi zake. Amayi ambiri amapatsidwa mankhwala ogonetsa osakaniza morphine ndi scopolamine moti amadzuka osakumbuka nkomwe kuti achira bwanji, mwana amakagonekedwa kuchipinda china, kumabweretsedwa kudzayamwa poyang'ana wotchi, maola anayi akakwana basi, olo alire chotani. Mu 1928 katswiri wina wa za maganizo wa ku America, John B. Watson, analemba kuti makolo asamakumbatire kapena kupsompsona ana awo poopa kuwalera moipa. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ku America pafupifupi mayi mmodzi yekha pa anayi aliwonse ndi amene amayamba kuyamwitsa mwana wake, ena onse botolo.

Nde anthu anayamba kukana. Dokotala wa ku Britain, Grantly Dick-Read, anali atalemba kale mu 1933 kuti mantha ndi omwe amakulitsa ululu pobereka, ndipo mayi akauzidwa bwino zomwe zikuchitika m'thupi mwake amachira mosavutika kwambiri. Mu 1956 amayi asanu ndi awiri ku Illinois anayambitsa bungwe la La Leche League kuti azithandizana nkhani zoyamwitsa poti madokotala ambiri panthawiyo samazilabadira. John Bowlby, naye wa ku Britain, anaonetsa kuti khanda limafunika munthu mmodzi kapena angapo odalirika oti lizikangamira kwa iwo, ndipo zimenezi ndizofunika pa kakulidwe kake monga mmene chakudya chilili. Mnzake pa ntchito, Mary Ainsworth, anakachita kafukufuku wake woyamba wa amayi ndi makanda ku Uganda cha m'ma 1954 ndi 1955. Pambuyo pake dokotala wa ana William Sears ndi mkazi wake Martha ndi omwe anatchukitsa dzina loti attachment parenting, kutanthauza kulera mwana momukhalitsa pafupi kwambiri ndi kholo lake. Apa ndinene kuti zambiri zomwe zinatulukiridwa ngati zatsopanozi, amayi a m'madera ambiri padziko lapansi anali asanazisiyepo, kungoti panalibe amene amazilemba m'mabuku.

Tiyambe ndi pomwe umboni uli wochuluka, kuyamwitsa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO pamodzi ndi UNICEF amalangiza kuti mwana ayambe kuyamwa mu ola loyamba atangobadwa, ayamwe mwakathithi miyezi 6 yoyamba, kutanthauza bere lokha osampatsa olo madzi, kenako azidya zakudya zina uku akuyamwabe mpaka zaka 2 kapena kupitirira. Chifukwa chake sichovuta kumva. Mkaka woyamba wachikasu uja uli ndi chitetezo chochokera m'thupi la mayi chomwe chimakamata m'matumbo a khanda nkumalepheretsa tizilombo kulowa, nchifukwa chake ana oyamwa sadwaladwala kutsegula m'mimba ndi chibayo, matenda awiri omwe amapha ana ang'ono ambiri padziko. Mayi nayenso amapindula, chiopsezo cha khansa ya m'mawere chimatsika. Ndipo bere limapanga mkaka molingana ndi mmene mwana akuyamwira, akamayamwa pafupipafupi mkaka umachuluka, mukayamba kumpatsa botolo pakati amayamwa pang'ono mkaka nkuyamba kuchepa, mayi nkumaganiza kuti thupi lake ndi lomwe lalephera pomwe ayi.

Pamenepa mpomwe makolo okayikira makampani ali ndi mfundo yeniyeni. M'zaka za m'ma 1970 zinadziwika kuti mkaka wamchitini umatsatsidwa mwamphamvu ngakhale kwa mabanja opanda madzi aukhondo, ena amasungunula ndi madzi ambiri kuti chitini chikhalitse, ana nkumanyentchera ndi kumwalira. Mu 1977 anthu ku America anayamba kunyanyala katundu wa Nestlé pa nkhani yomweyi, ndipo mu 1981 msonkhano waukulu wa WHO unakhazikitsa malamulo oletsa kutsatsa mkaka wamchitini mwachindunji kwa amayi komanso kugawa zitini zaulere. Mu 1991 WHO ndi UNICEF anayambitsa ndondomeko yoti zipatala zisamalekanitse mayi ndi khanda lake. Nde munthu akamati osangokhulupirira zilizonse zolembedwa pa chitini, sakubwebweta ayi, mbiri ikumuikira kumbuyo.

Koma mbali inayo iliponso ndipo ndikufuna imveke. Alipo amayi omwe mkaka sutuluka mokwanira olo ayesetse bwanji, ena akudwala, ena anamwalira mwana akuleredwa ndi abale, ena ntchito siwalola. Mwana ameneyo akamwa mkaka wamchitini wokonzedwa mwaukhondo, ndi madzi owiritsa, muyezo wake womwewo wolembedwa, amakula bwinobwino. Mayi amene wakakamira bere lokha mwana akuonda, sakukodza mokwanira, akungogona osafuna kuyamwa, poopa kuti anzake amunena, ameneyo sakusankha yekha, gulu ndi lomwe likumusankhira. Kwa amayi omwe ali ndi HIV, WHO imati ngati akumwa ma ARV mokhulupirika atha kuyamwitsa, koma apa mpofunika kukambirana ndi achipatala chifukwa maiko amasiyana malangizo.

China chomwe chimandisangalatsa kwambiri ndi chisamaliro cha kangaru. Mu 1978 pachipatala china chachikulu ku Bogotá m'dziko la Colombia, makina ofunditsira ana obadwa masiku asanakwane anali ochepa, makanda amagonekedwa angapo m'makina amodzi nkumapatsirana matenda. Dokotala Edgar Rey anaganiza zoti khanda lizimangiriridwa pachifuwa cha mayi ake khungu kwa khungu, usana ndi usiku, likuyamwa pomwepo. Zotsatira zake zinali zabwino moti njirayi inafalikira padziko lonse, ndipo mu 2022 WHO inalangiza kuti iziyambika mwana wochepa sikelo akangobadwa. Thupi la mayi, kapena la bambo, limasunga kutentha kwa mwana, kupuma kwake kumakhazikika. Taonani, chinthu chachilengedwe chenicheni, koma chinavomerezedwa chifukwa anthu anachiyesa nkuwerenga ana omwe apulumuka. Ndi mmene ziyenera kumakhalira pa china chilichonse mu mtolo uja.

Nkhani ya kogona ndi yomwe imakanganitsa akatswiri okhaokha. Pali imfa ina yomwe khanda limangomwalira kutulo popanda chifukwa chooneka, amaitcha SIDS. Kwa zaka zambiri makolo a kumaiko a azungu amalangizidwa kugoneka mwana chafufumimba, kenako kafukufuku anaonetsa kuti kumeneko nkomwe kumawonjezera ngoziyo, ndipo America itayamba kampeni yogoneka ana chagada mu 1994 imfazi zinatsika pafupifupi ndi theka. Pamenepa palibe mkangano, khanda ligone chagada, pamalo olimba, opanda mapilo ndi zofunda zolemera pafupi ndi nkhope. Mkangano uli poti kodi ligone bedi limodzi ndi mayi? Bungwe la madokotala a ana ku America limati chipinda chimodzi inde, bedi limodzi ayi. Ena monga James McKenna, yemwe anafufuza kwa zaka zambiri mmene amayi oyamwitsa amagonera ndi makanda awo, amati kugona limodzi kumathandiza kuyamwitsa ndipo anthu ambiri padziko amachita choncho, chofunika nkuchotsa zoopsa. Zoopsazo mbali zonse zimagwirizana: kholo losuta fodya, kholo lomwe lamwa mowa kapena mankhwala ogonetsa, mwana wobadwa masiku asanakwane kapena wochepa thupi kwambiri, komanso kugona ndi khanda pa sofa kapena pampando, komwe nkoopsa kuposa zonse. Banja lomwe likudziwa zimenezi likhoza kusankha mozindikira. Lomwe langouzidwa kuti osatero basi, nthawi zambiri mayi amatopa usiku nkukayamwitsira pa sofa nkugona pomwepo.

Zoberekera pakhomo nazo zimafuna mutu wozizira. Kafukufuku wamkulu wa ku England wotchedwa Birthplace, yemwe anatuluka mu 2011, anapeza kuti kwa amayi athanzi omwe anaberekapo kale, kuchirira kunyumba mothandizidwa ndi mzamba wophunzira sikunawonjezere ngozi kwa mwana ndipo maopareshoni anali ochepa. Koma kwa a mimba yoyamba ngozi kwa mwana inali yokwererapo, ndipo pafupifupi 45 pa 100 aliwonse anathamangitsidwabe kuchipatala. Muonetsetse apa, awa anali amayi oyezedwa bwino mimba yonse, ali ndi mzamba wa zipangizo zake, ambulansi ili pafupi, chipatala chili pafupi. Kuchotsapo zimenezi nkhani yasintha kotheratu. Kutaya magazi mayi atachira ndi komwe kumapha amayi ambiri pa uchembere padziko lonse, ndipo kumatha kumaliza munthu m'maola awiri okha, pomwe jakisoni wa oxytocin amaletsa. Nde amene akukuuzani pa vidiyo kuti thupi la mkazi limadziwa lokha sakusowa wina aliyense, mufunseni kuti magazi akayamba kutuluka osasiya adzatani. Chomwe mayi ali ndi ufulu wofuna kulikonse komwe akuchirira ndi ulemu, kuuzidwa chomwe akufuna kumuchita ndi chifukwa chake, kukhala ndi munthu womudikirira yemwe wasankha yekha, kuyendayenda nthawi ya matenda ngati palibe vuto, ndi kupatsidwa mwana wake pachifuwa akangobadwa. Opareshoni ikafunika imapulumutsa, ikachitika popanda chifukwa imabweretsa mavuto ake, nchifukwa chake kufunsa kuti bwanji sikulakwa.

Tsopano pomwe mtolo uja umandiopsa, katemera. Makolo ena olera mwachilengedwe amakana katemera poganiza kuti ndi mankhwala achilendo m'thupi la khanda, bola lidwale lipeze chitetezo lokha. Mantha ambiri anachokera mu 1998 pomwe dokotala wa ku Britain Andrew Wakefield anasindikiza mu magazini ya zachipatala ya The Lancet nkhani ya ana 12 okha, nkupereka chithunzi choti katemera wa MMR, woteteza chikuku ndi matenda ena awiri, amayambitsa autism, vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limachititsa mwana kuvutika kulankhulana ndi kucheza ndi anthu. Zinadzadziwika kuti nkhaniyo inali ndi chinyengo, mu 2010 magaziniyo inaichotsa ndipo iye analandidwa chiphaso cha udokotala. Kafukufuku wa ku Denmark wa mu 2019 anatsatira ana oposa 650,000 ndipo sanapeze kugwirizana kulikonse. Koma bodza likalowa m'mitima ya makolo silituluka msanga. Chikuku chimafala mwachangu kwambiri moti pamafunika anthu pafupifupi 95 pa 100 aliwonse akhale obayidwa kuti chisayende. Ku Samoa chiwerengero cha obayidwa chitatsika, mu 2019 mliri unapha anthu 83, ambiri mwa iwo ana osakwana zaka 5, m'dziko la anthu pafupifupi 200,000 okha. Nthomba, yomwe inapha anthu mamiliyoni osawerengeka, inalengezedwa kuti yatheratu mu 1980 chifukwa cha katemera. Inde katemera amatha kutenthetsa thupi, pobayidwa nkutupa tsiku limodzi kapena awiri, mwa apo ndi apo kwambiri pamakhala vuto lalikulu ndipo kholo lili ndi ufulu wofunsa zonsezi. Koma chitetezo chobwera podwala chikuku chenicheni mtengo wake ndi ana ena akhungu, ena owonongeka ubongo, ena manda. Komanso apa chisankho sichili cha banja lanu lokha, khanda la mnzanu lomwe silinafike msinkhu wobayidwa likudalira mwana wanuyo kuti asalibweretsere matenda. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Za zitsamba nkhani yake ndi yomweyo. Mankhwala ambiri amphamvu anachokera ku zomera, kwinini ku makungwa a mtengo wa cinchona, artemisinin wa malungo ku chitsamba chomwe Tu Youyou wa ku China anachifufuza mpaka kulandira mphoto ya Nobel mu 2015. Kusiyana kwake nkwakuti amenewa anayezedwa, muyezo wake ukudziwika. Chiwindi ndi impso za khanda nzosakhwima, kamadzi ka masamba komwe munthu wamkulu sangamve kanthu kakhoza kumuvulaza, ndipo palibe amene angakuuzeni kuti mu supuni imodzi muli mphamvu yochuluka bwanji. Olo uchi, womwe aliyense amautama, suyenera kupatsidwa kwa mwana wosakwana chaka chifukwa umatha kukhala ndi tizilombo toyambitsa botulism, matenda ofooketsa minofu mpaka mwana kulephera kupuma. Mbali inayi, makolo omwewa akamati tisamangothamangira ma antibiotic pa chimfine chilichonse akunena zoona, chimfine chimayamba ndi mavairasi omwe mankhwala amenewa sawapha, kuwamwa mwachisawawa kumangopangitsa mabakiteriya kuti asamamvenso mankhwala.

Zina zija ndidutsa mwachangu poti mwana sangafe nazo. Matewera ochapa kapena otaya, sankhani malinga ndi madzi, nthawi ndi thumba lanu, chachikulu kumusintha msanga mwana. Kuphunzitsa ana pakhomo kunatchuka ku America m'zaka za m'ma 1970 kudzera mwa anthu ngati John Holt, maiko ena amalola, ena monga Germany salola, nde yambani mwadziwa lamulo la dziko lomwe mukukhala, kenako mudzifunse moona mtima ngati muli ndi nthawi, luso, komanso ngati mwanayo azipeza anzake osewera nawo. Za mafoni WHO inanena mu 2019 kuti ana osakwana zaka 2 asamaonere, ndipo a zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku, osati poti foniyo ili ndi poizoni koma poti imadya nthawi yomwe mwana akanalankhula ndi munthu, kuthamanga ndi kugona.

Kusamenya ana ndiye ndiimapo pang'ono chifukwa anthu amasokoneza ndi kulekerera. Sweden ndi dziko loyamba kuletsa kumenya ana mwalamulo mu 1979, ndipo pano maiko oposa 60 anatsatira. Kafukufuku wambiri amasonyeza kuti chikwapu chimamuletsa mwana panthawi yomweyo koma sichimuphunzitsa chifukwa chake, ndipo ana omenyedwa pafupipafupi amakonda kukhala aukali kwa anzawo. Koma m'zaka za m'ma 1960 katswiri wa za maganizo Diana Baumrind anaona kuti ana omwe amakula bwino si a makolo ankhanza, si a makolo olekereranso, ndi a makolo achikondi omwe ali ndi malamulo omveka ndipo sasinthasintha. Nde kholo lomwe lasiya chikwapu lakhala ndi ntchito yambiri kuposa kale, liyenera kunena ayi, kufotokoza, kubwereza mawa ndi mkuja mawu omwewo, mwana akulira kholo osagwedezeka komanso osapsa mtima. Ndi ntchito yolemetsa zedi, ndipo aliyense wonena kuti ndiyophweka sanakhalepo ndi mwana wa zaka 2 yemwe wadzigwetsa pansi.

Nanga kusankha mwanzeruko kumayenda bwanji? Mmene ndimaonera ine, funso loyamba nloti ngati ndalakwitsa apa chichitike nchani. Ngati yankho ndi loti mwana akhala ndi zilonda za thewera sabata imodzi, yesani zomwe mtima wanu wakonda, mukaona kuti sizikuyenda musinthe. Ngati yankho ndi imfa kapena kulumala, apo mtima wokha sukwanira, pakufunika umboni wa ana zikwizikwi osati nkhani ya mayi mmodzi wa pa Facebook yemwe mwana wake sanabayidwe koma ali bwinobwino. Lachiwiri, amene akundiuzayu akupindula chani. Funso limeneli timakonda kufunsa makampani a mankhwala, ndipo nkoyenera, koma tizifunsanso uja akunyoza madokotala kumapeto kwa vidiyo nkukuuzani kuti gulani mafuta anga, ufa wanga, maphunziro anga. Ndipo wachipatala mukhoza kumufunsa mwaulemu kuti phindu la zimenezi nchani, kuopsa kwake nkotani, pali njira ina, nanga tikadikira kaye chingachitike nchani. Namwino kapena dokotala wabwino sakwiya ndi mafunso otere. Safunsa anadya phula, ndipo izi zikukhudza onse awiri, womvera chilichonse cha dokotala osafunsa komanso womvera chilichonse cha pa intaneti osafunsa.

Chinanso chomwe sichinenedwa kawirikawiri nchakuti kalerede kameneka katundu wake wambiri amagwera mayi. Kuyamwitsa usiku wonse, kunyamula mwana tsiku lonse, kuchapa matewera, kuphika chilichonse yekha, ngati bambo ndi abale sakugwirapo mayi amatheratu, ndipo matenda a nkhawa ndi kukhumudwa akachira ndi enieni, amagwira amayi oposa mmodzi pa 10 aliwonse. Bowlby ndi Ainsworth sananenepo kuti mwana ayenera kukhala pathupi la mayi maola 24, zomwe anapeza nzakuti mwana amakhazikika mtima akakhala ndi omulera omwe amamva akalira nkumuyankha nthawi zambiri, ndipo ameneyo akhoza kukhala bambo, agogo, kapena mayi wogwira ntchito yemwe amabwera madzulo. Bambo amene akuti ndikufuna mwana wanga aleredwe mwachilengedwe adzuke nawo usiku, amuike mwana pachifuwa chake, achape matewerawo. Ndipo ngati awirinu mukusiyana maganizo pa nkhani ngati katemera, pitani limodzi kwa wachipatala mukamve nonse, osati wina kuchita mobisa.

Pomaliza pali zizindikiro zomwe kholo lililonse, kaya limalera motani, likaziona lisiye zonse lithamange kuchipatala osayamba layesa za pakhomo: khanda losakwana miyezi itatu lomwe thupi latentha kufika madigiri 38, mwana wokana kuyamwa kapena kumwa chilichonse, wosanza chilichonse chomwe wadya, wopuma mofulumira kapena chifuwa chikulowa mkati akamapuma, wokomoka kapena kugwedezeka thupi, wofooka moti sakudzuka bwinobwino, maso ndi khungu zachikasu m'masiku oyamba atabadwa, mchombo wofiira wotuluka mafinya, komanso wotsegula m'mimba yemwe maso alowa ndipo sakukodza. Wotsegula m'mimbayo muzimumwetsa ORS ndi kumuyamwitsa muli m'njira momwemo.